Maselo Odikira Akufa

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mu labu munali zii.

Yisiti ali ndi mitundu iwiri. Selo la mtundu umodzi limatulutsa mankhwala oitanira la mtundu winawo. Lomwe lamva limasiya kugawikana, n'kumera kamlomo koloza komwe kukuchokera kuitanako, mpaka awiriwo ataphatikana. Lero ndinaika mtundu umodzi wokha pagalasi. Masana nditasuzumira pa maikulosikopu, ndinapeza maselo onse atamera timilomo, tonse taloza ngodya imodzi yopanda kanthu.

Ba Mulenga, amene amatsuka magalasi athu, anasuzumiranso n'kubwerera m'mbuyo. "Manje bafuna ndani, ba madamu? Banzao tinabapaya mailo."

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Mtundu winawo tinauphera pagalasi lomweli dzulo. Mankhwala ake amakanirira, ndipo madzi okha sawachotsa. Sopo anatithera Lolemba. Oitana anafa, kuitana kunatsala. Mabuku amati maselo akadikira maola angapo amaleka n'kuyambanso kugawikana. Anga pofika nthawi yoweruka anali asanaleke.

Nditafika kunyumba ku Chelstone ndinapeza Amayi ali pawindo, maso pageti, nthawi yomwe Atate ankabwerera kuntchito. Atate tinawaika m'manda mu Juni. Mpunga wamasana unali patebulo osaukhudza, ndipo mphete yaukwati yayamba kuwakhwepa pachala.

"Geti linalira kawiri iwe usanafike," anatero osandicheukira.

Lero kunalibe mphepo, ndipo loko ndinamupeza ali chitsekere. Usiku uno Amayi adya masipuni atatu okha. Mawa ndiwatengera kuchipatala, ngati avomere kuchoka pawindopo.