Zithunzi za a Msiska Zisaotchedwe

Kwa Mayi Suwilanji Msiska, ana, abale ndi anthu onse a ku Mgona,

Ife a Bungwe la Amayi Osamala Dambo talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu imfa ya Bambo Greenwell Msiska, amene anatisiya Lachiwiri m'mawa atadwala masiku anayi okha, pamene ife tinkaganiza kuti tiwaonanso akutsika kudambo monga mwa nthawi zonse.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi malemuwa ankalawirira kudambo ndi kamera yawo, n'kugona chafufumimba m'matope kudikira mbalame, mpaka ife olima masamba m'madimba tinawapatsa dzina loti a Kakowa, chifukwa cha miyendo yaitali ndi shati yoyera imene ankakonda kuvala. Iwo ankangoseka, amvekere kakowa weniweni sadetsa shati ngati iwo. Anatiphunzitsa kuti anamzeze amene amabwera mvula ikayandikira amachokera kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo ife amene tinkangodziwa mpheta ndi khwangwala lero timatchula mbalame zoposa makumi asanu. Oumba njerwa atayamba kukumba pakati pa bango, tinanyamula zithunzi za malemuwa kupita nazo kwa akuluakulu, kukumbako n'kutha.

Tsono pali mawu amene ndalephera kuwameza. Pamaliro ndinamva ndi makutu angawa a Herbert, akulu awo a malemu, akunena kuti mbale wawo wafa chifukwa ankajambula nantchengwa pachisa chake, ndiye zithunzi zonse ziotchedwe Loweruka pogawa zovala. A Herbert, ulemu wanu ndikukupatsani, koma zimenezo n'zabodza. Malemu ankadwala shuga, inunso mukudziwa. Nantchengwa uja wakhala akumanga chisa pamkuyu zaka zonsezi, ife timadutsa pansi pake ndi makasu tsiku ndi tsiku, ndipo tili moyo.

Ine amuna anga atamwalira, abale anaotcha makalata ndi zithunzi zawo, ati mzimu usamabwerere. Ndinakhala chete chifukwa ndinali ndi mantha, ndipo lero mwana wanga womaliza sadziwa nkhope ya bambo ake. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma phunziro limenelo ndinakhoza. Ulendo uno sindikhala chete.

Dzulo Mayi Msiska anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mayi Chikopa, akaotcha izi ndiye kuti ndaika maliro kawiri." Amayi, simuika kawiri. Loweruka m'mawa tibwera tonse amayi makumi awiri ndi atatu titavala nsalu ya bungwe, kudzakuthandizani kutunga madzi ndi kuphikira alendo. Zovala zigawidwe mwamtendere monga mwa mwambo, ife sitilowererapo. Koma katoni ya zithunzi ikhala pamiyendo panu, ife titakuzungulirani. A Herbert akafuna kuona zimene mng'ono wawo anasiya, tidzawaonetsa chimodzichimodzi, ndipo chimene angachikonde adzapita nacho kumudzi.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupepesa kwa inu amayi, kwa ana ndi kwa banja lonse la a Msiska, ndipo tikupempha Mulungu kuti akulimbitseni mitima pa nthawi yowawa ino. Mwana wanu Mwiza watipempha kuti timuonetse pamene bambo ake ankabisala ndi kamera. Mwiza, maliro akatha tsika kudambo. Anamzeze afika kale, tawaona Lolemba, ndipo palibe amene wawajambula.

Ine,
Vaileti Chikopa
Wapampando, Bungwe la Amayi Osamala Dambo, Mgona