Tsiku Limene Gari Anafola pa Mzere

Tamale,
24 Januwale 2019

Okondedwa Maame,

Phulani kaye nsombazo pamoto mukhale pansi, mwana wanu ali ndi nkhani! Ndili bwino, kungoti milomo yang'ambika ndi mphepo youma ya fumbi ija ya hamatani, koma ulendo uno sindiitukwana.

Paja ndinakuuzani kuti Lachiwiri kubwera wondiyesa kudzaona mmene ndikuphunzitsira, ndipo ndikalephera, za uphunzitsi zathera pomwepo. Anatumiza Madamu Atinga, mayi amene anzanga amati alibe mano, poti palibe anawaonapo akuseka.

Phunziro langa linali la mphamvu ya magetsi yokhala pakati pa tizitsulo tiwiri. Musatope, Maame, n'zosavuta. Umathira mafuta m'mbale, n'kuimikamo tizitsulo tiwiri taphanthiphanthi moyang'anana, n'kuwaza pakati gari wosefa bwino, ufa wa chinangwa wokazinga womwe timadyawu. Ukapukusa makina ndi dzanja, kachitsulo kena kamadzaza magetsi a mtundu wina, kanzake a mtundu wosiyana, ndipo gari uja amafola mizere yowongoka kuchoka uku kufika uko, ngati ana pa asembule. Sabata yonse ndinkayeserera, zinkatheka bwinobwino.

Lachiwiri m'mawa ndikupeza a hedi, Bambo Ziblim, aima pakhomo la kalasi, chimwemwe chitadzaza tsaya.

"Mwana wanga Araba, takukonzera! Mlendo asadzatsokomole fumbi pasukulu panga."

Mayo ine! Pansi awaza madzi monga amachitira kuno kukamabwera mlendo, koma awa anachita kukhuthula ndowa. Mazenera atseka. Makina anga awapukuta ndi nsalu yonyowa mpaka kung'anima. Magetsi amenewa amadana ndi chinyezi, Maame, amangothawa. Koma munthu wamkulu wakuchitira ulemu ungamukalipire? Ndinangoti zikomo.

Madamu Atinga alowa, diresi yoyera mbee, akhala kumbuyo. Ndafotokoza, ndapukusa. Zii. Ndapukusanso mpaka thukuta kamukamu. Gari ali phee.

Fuseina, mtsikana wapakamwa kwambiri m'kalasimo, anakuwa: "Madamu, gari wanuyo ndi wa kwanu ku Cape Coast, sakumva chilankhulo chathu cha Chidagbani!"

Kalasi yonse kufa nako kuseka. Ine misozi inali pafupi, sindinama. Madamu Atinga anangoti, "Tikudikira."

Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinasiya makina n'kufunsa ana aja: "Dzulo zinkatheka, munaona nokha. Lero chasintha n'chiyani muno?"

Anayang'anayang'ana. Wina anati, "Mwanyowa!"

"Ndiye titani?"

"Panja!"

Tisanamalize n'komwe, tebulo linali m'mwamba, ulendo wa padzuwa. Bambo Ziblim anatulukira akuthamanga: "Mlendo pafumbi? Mukufuna kundivula pagulu?"

"Bambo Ziblim," anatero Madamu Atinga, "ine ndinabadwira m'fumbi lomweli. Bweretsani mpando."

Podikira kuti makina aume, ndinauza ana akhuze zolembera m'tsitsi, atole nazo tizidutswa ta mapepala. Mphepo ikuomba, fumbi lili koboo, ine mumtima ndikungoti uma, uma, chonde uma. Kenaka ndinagwira chopukusira chija. Thee! Kamoto kanathetheka. Maame, gari ananyamuka! Anatembenuka, nagwiranagwirana, mizere yowongoka ndondondo, yotalikirana mofanana. Ana anakuwa mpaka amayi ogulitsa waakye, mpunga wa nyemba uja, kuseri kwa mpanda anasiya mapoto kudzasuzumira.

"Wamva Chidagbani tsopano?" ndinamufunsa Fuseina.

"Wamva, Madamu, koma wa m'mphepeteyu ndi wamakani, wapindika!"

Madamu Atinga anadzuka. "Eya, n'chifukwa chiyani wapindika?" Ndinayankha kuti pakati pa tizitsulo mphamvu ndi yofanana paliponse, koma kumapeto imamwazika, n'chifukwa chake mizere imakhota. Atamva zimenezo anati, "Tapatuka, nanenso ndipukuseko." Anapukusa ngati kamtsikana, diresi ija itafiira ndi fumbi. Mano ali nawo, Maame, ndawaona ndi maso angawa!

Ndakhoza. Anandiuza okha asanakwere galimoto.

Tsopano pali kena. Bambo Ziblim, atapepesa za madzi aja kambirimbiri, anati sukuluyi ilibe mphunzitsi wa sayansi, akufuna akandipemphe ku ofesi ya maphunziro kuti ndikhalire konkuno. Ana anali atandizungulira, ndipo pakamwa panga panavomera ndisanaganize za inu. Ndikanama ndikati ndikudandaula. Koma chivomerereni, mtima sukukhala m'malo.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Ekuwa, muwauze azibwera kudzakuthandizani kunyamula nkhuni, msana wanuwo si wa kale. Moni kwa mlongo wanga Kobina, asiye ulesi. Chipinda chimene munandipakira utoto chija mumupatse iyeyo, chisamangokhala chotseka. Ndipo basi ya ku Tamale ikamafika, musamapitenso kusiteji kukaona otsika. Ndikadzanyamuka ndidzakuuzani ndekha.

Ndine mwana wanu, amene tsopano akutchedwa Madamu,
Araba