Mapiritsi a mu Nsapato ya Bambo

Loweruka, 9 Novembala

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi manyazi anga, poti ndikudziwa kuti kalata yopanda pondiseka simuiwerenga mpaka kumapeto. Masana ano andipezerera ndikukalipira mpando. Ndinauveka jekete yanga yakuda, ine n'kuima patsogolo pake tsitsi lomasula mbali imodzi, chipeso chili m'manja ngati ndodo. Ndinauuza mpandowo kuti ndi mbala yovala tayi, kuti bola ntchentche, ikatera pa chakudya cha eni imapukusa timanja ngati ikupepesa. Ndinali nditafika pokoma, mawu akungotuluka okha, pomwe ndinamva kutsokomola kumbuyo. Chitseko ndinachisiya chotsegula chifukwa cha kutentha. Pakhomo panali pataima mwini wake wa mawu onsewo: a Pulofesa amene amayang'anira kafukufuku wanga.

Musaseke mokweza, chifukwa pamene ndikulemba pano adakali m'chipinda muno. Akhala pa mpando womwewo, jekete yanga ili kumsana kwawo, akuwerenga. Ine ndili pabedi, pepala lili pabondo, ndipo akuyesa kuti ndikulemba zasukulu. Tiyi sindinawapatse. Ndime imeneyi mudumphe powawerengera mayi, angati analera chinyama.

Mumakonda kundifunsa kuti udokotala wosabaya jekeseniwu ndi wotani, nanga udzatha liti. Funso loyambalo ndiyankha. Ndimafufuza chifukwa chimene odwala matenda othamanga magazi amasiyira mankhwala, chonsecho mankhwalawo ali nawo, ndipo kuopsa kwake akukudziwa. Mabuku amati amaiwala. Ine ndakhala m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa polandirira mankhwala, kumvetsera azibambo akuluakulu, ndipo ndapeza kuti ambiri saiwala ayi. Amabisa. Piritsi lomwera poyera limauza mkazi, ana ndi abwana kuti mzati wa nyumba wayamba kufumbwa. Ndiye amalibisa patali, ndipo chobisidwa patali sichimwedwa tsiku ndi tsiku.

Komwe ndinaziphunzira mukukudziwa. Ndinu amene munapisa dzanja mu nsapato ya bambo, yofiirira ija, maliro atatha, n'kutulutsamo mapaketi osatsegula. Munakhala pansi pomwepo, nsapato ili pamiyendo, ngati munthu wonyamula khanda.

Nkhani imeneyo ndinawauza a Pulofesa chaka changa choyamba, mu ofesi mwawo, misozi ikugwera pakapeti. Anandipatsa kapepala kopukutira maso, iwo maso ali pakompyuta. Kuchokera pamenepo chilichonse chimene ndawapatsa chalandira yankho limodzi, ndipo ndi dzina limene ophunzira tonse timawatchula: a Tidzaona. Chaputala chachinayi, momwe muli mtima wa ntchito yonse, ndinachipereka tsitsi langa lili lalifupi, pano ndikuluka. Pabenchi ya kunja kwa ofesi yawo ndakhalapo mpaka mayi wokolopa anayamba kundisungira malo. Tsiku lina chitseko chitatseguka ndinachiona chaputalacho chikugwira ntchito padesiki: anakhazikapo ketulo.

Zonsezi ndikanapirira. Koma mwezi wathawu kunali msonkhano wa akatswiri m'holo ya hotela, ine n'kupatsidwa ulemu woyendetsa maikolofoni kwa ofunsa mafunso. A Pulofesa anakwera pansanja, nanena kuti pa zaka zawo zambiri za kafukufuku apeza kuti odwala saiwala, amabisa. Mawu anga, achimwene, amene ndinawanena pabenchi ndi m'makonde ndikuwathamangira, osasintha ngakhale popumira. Kenako anati anali ndi wodwala wina, mkulu wouma mutu, amene ankasunga mapiritsi mu nsapato. Anatsimphina pang'ono pansanjapo, kusonyeza mmene munthu angayendere ndi mankhwala kuphazi. Holo yonse inafa ndi phwete. Ine ndinaima pakati pa mipando, maikolofoni ili m'manja, anthu ovala bwino akuseka bambo athu. Nsapato inatchulidwa. Ine ayi.

Kuyambira tsiku limenelo munthu ameneyu ndakhala ndikumupha m'njira zosiyanasiyana, makamaka posamba ndi pochapa. Sindinakulembereni chifukwa ndimakudziwani: mukanakwera basi, ndipo digiri yanga ikanathera kupolisi.

Tibwerere pakhomo paja. Anandifunsa kuti ndikulankhula ndi ndani. Ndinati ndikuyeserera mafunso a kafukufuku, mpandowo ndi wodwala wovuta. Kaya za mbala zija anazimva, sindikudziwa. Munthu amene sanandimvepo ndikumuyang'ana kumaso sakanayamba kundimva nditamufulatira. Anaseka, nati mpando suyankha, ndiyeserere pa iwo aone ngati ndimatsata zimene anandiphunzitsa. Anadzilowetsa okha, nakhala pansi, napisa m'thumba kuti atenge magalasi. Kabokosi ka magalasi katangotseguka, munagwa timapiritsi toyera, kena n'kugubudukira kunsi kwa bedi. Timapiritsi timeneto ndimatidziwa kuposa nkhope yanga. Anatitola mwachangu ngati munthu amene wagwetsa kabudula wamkati pamsika, nati ndi tamutu.

Achimwene, mtima wanga unavina.

Ndiwapatse zawo, pali zinthu ziwiri zimene anatiphunzitsa bwino. Usanafunse munthu kanthu, umuuze kuti mawu ake ajambulidwa, kuti dzina lake silidzatuluka, ndiponso kuti ali ndi ufulu wochoka nthawi ina iliyonse. Chinacho ndi chimene amanyadira kwambiri: munthu akamaliza kuyankha, usathamangire funso lina. Khala chete, umuyang'ane. Amati munthu amapirira njala, amapirira ululu, koma chete samupirira. Amayesetsa kudzaza mpatawo, ndipo mabodza akamuthera amayamba kuthiramo zoona.

Ndinawauza mwaulemu kuti ndi munthu wamoyo sindiyeserera. Tikayamba, mawu awo alowa m'kafukufuku ngati a wina aliyense. Anakupiza dzanja, nati nditsate malamulo onse, akufuna aone. Ndinaika kamakina kojambulira mawu patebulo. Ndinawawerengera ufulu wawo wonse, iwo akugwedeza mutu monyada ngati kholo lomvera mwana akulakatula, mpaka kundidzudzula kuti ndikuthamanga. Anavomera ndi mawu awo a m'kalasi aja. Ndinadina batani.

Zimene ananena kamakina katayaka sindingakuuzeni, ngakhale ndinu achimwene anga ndipo lilime likundiyabwa. Lamulo limenelo ine ndimalisunga, ndipo ndi chimene chimandisiyanitsa ndi iwo. Ndingokuuzani za ine. Ndinafunsa funso limene ndimafunsa aliyense, ndipo atayankha ndinakhala chete. Chete weniweni, woti ndinkamva mpopi wa aneba ukudontha ndi makina a telala wa pansi pathu akusoka. Yankho loyamba linali la Pulofesa, lodzaza mayina a mabuku. Ndinangowayang'ana. Lotsatira linafupika. Lina litabwera, silinalinso la Pulofesa. Tayi inamasulidwa. Mpango unatuluka m'thumba.

Pali mawu amene ndimauza wodwala aliyense akafika pamenepo, akuti asadandaule, si iye yekha, ambiri amatero. Ndinawaona a Pulofesa akuwadikira mawuwo, khosi litatalika ngati la mwana wa mbalame. Mawuwo anali pakamwa panga penipeni. Ndinawameza, ndipo sindinamezepo chinthu chotsekemera chotero. M'malo mwake ndinawakumbutsa kuti ali ndi ufulu wochoka. Sanachoke. Zikuoneka kuti papita nthawi chimvetsereni munthu ameneyu popanda wina kuyang'ana wotchi.

Kamakina katazima m'pamene chowayendetsa chinatuluka. Nthabwala ya nsapato inakoma kwambiri moti bungwe lina lothandiza kafukufuku lawaitana sabata yamawa, osati kuholo koma kuchipinda chaching'ono, kumene anthu amafunsa mafunso: mudalankhula ndi ndani, akazi a odwalawo amati chiyani, nanga achipatala achitepo chiyani. Iwo ali ndi chiganizo chimodzi ndi kutsimphina basi. Amafuna ndiwalembere mwachidule, katsamba kamodzi kokha, koti awerenge m'galimoto.

Ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa chaputala chonse, ndinachiika pamiyendo pawo. Ndinati chachidule ndilibe, ndipo ichi sichituluka m'chipinda muno, chifukwa chinzake chimene chinatuluka chinakakwatiwa ndi ketulo. Anayang'ana kukula kwake, anayang'ana chitseko, kenako anavala magalasi.

Tsamba loyamba ndi la bambo. Ndinalemba kuti ankayendetsa basi, kuti ankaopa kuti abwana akadziwa awachotsa pachiwongolero ife tikadali pasukulu, kuti ankapukuta nsapato zawo okha osalola mwana kuzikhudza, ife n'kumati ndi ukhondo. A Pulofesa anakhalitsa patsamba limenelo. Kenako anavula magalasi.

"Anali bambo anu?"

"Ndinakuuzani mu ofesi mwanu. Munandipatsa kapepala."

"Ine ndinkayesa kuti nkhaniyi ndinaiwerenga penapake."

Ndinawapatsanso chete uja, wachiwiri, waulere. Anayang'ana nsapato zawo nthawi yaitali, kenako anatembenuza tsamba. M'pamene ndinatenga pepala n'kuyamba kukulemberani.

Dzuwa lachoka pazenera, lafika pakhoma. Apempha pensulo. Akulemba m'mbali mwa masamba, ndipo kawiri konse ndawamva akung'ung'udza pang'ono ngati munthu amene wakumana ndi mnzake m'buku. Mwendo wawachita dzanzi, mpandowo ndi wolimba, ndipo pilo ndamukhalira dala. Mimba yawo ikulira, ine ndili ndi mabisiketi mu sutikesi. Musandilembere za kukhululuka, achimwene. Aliyense amene adzabwere ndi mawu amenewo adzayambe wakhala pabenchi ija, kenako adzaime m'holo anthu akuseka bambo ake. Ndikudziwa kuti ndi munthu wodwala, ndipo wodwala wina aliyense ndikanamugwira dzanja. Uyu ayambe wamaliza kuwerenga.

Dikirani, atseka.

Ndabwereranso. Anati chaputalacho ndi chabwino, ndipo anachinena ngati munthu amene akulavula fupa. Anati kubungwe kuja tipite tonse ndikawathandize mafunso. Ndinati wonyamula maikolofoni anatopa. Anakhala chete, koma chete wa iwo ine sandiopsa, ndinaphunzira kwa katswiri. Ndiye anayamba kudzaza okha mpatawo: kuti ndikalankhule ndine, kuti dzina langa likhale poyamba, kuti iwo akangondionetsa kwa anthu n'kukhala pansi. Ndinawonjezera chimodzi chokha, kuti nsapato ija isadzatulukenso pakamwa pawo, kaya pansanja kaya paphwando. Ngati ikufunika kutchulidwa, ili ndi ana ake.

"Ndipepese kwa ndani?" anafunsa.

"Mwini nsapatoyo samvanso," ndinatero. "Lolemba muuze kalasi yonse kuti ntchitoyo ndi ya ndani. Ambiri a iwo anali m'holo muja."

Anavomera ndi mutu. Kenako anayang'ana kamakina kaja, nafunsa ngati mawu awo alowadi m'bukumo. Ndinati alowa m'chaputala chotsatira, opanda dzina, pakati pa oyendetsa magalimoto ndi alonda, ndipo ufulu wowachotsa ali nawo monga ndinawawerengera: anene tsopano ndifufute akuona, kapena adzadziwerenge kaye n'kusankha. Anaganiza, nati adzadziwerenga kaye. Anafunsa kuti adzakhala tsamba liti. Achimwene, mawu amenewa ndawasunga nthawi yaitali, ndipo ndinawatulutsa pang'onopang'ono kuti asathe msanga.

"Tidzaona."

Tsopano chaputala chimenecho adzachiwerenga mzere ndi mzere, ketulo ili pansi.

Atafika pakhomo anaima, napempha madzi. Anatsegula kabokosi ka magalasi, nameza piritsi ine ndikuona, osatembenukira kukhoma. Madziwo ndinawapatsa. Musati ndafewa, munthuyu ndikumufuna wamoyo mpaka tsiku limene adzandiveke chipewa cha digiri. Pano adakali pakhonde, akumanga tayi, akuyang'ana kumwamba ngati pali china choti anene. Ine ndikulemba, sindidzutsa mutu.

Mundiperekere moni kwa mayi. Muwauze kuti ndikudya, ndipo kuti sabata yamawa mwana wawo akalankhula za malemu amuna awo pamaso pa akuluakulu, ndipo palibe amene akaseke. Moni kwa alamu ndi ana. Wamkuluyo mumuuze kuti azakhali ake sanakalambire kusukulu, atsala pang'ono. Nsapato zofiirira zija musapatse munthu, ngakhale amalume atazipemphanso. Muzipukute, ndikufuna zidzakhale pansi pa mpando wanu tsiku lolandira digiri.

Chomaliza ndi cha inu. Alamu anandinong'oneza pafoni kuti kuchipatala anakuyezani n'kukupatsani timapiritsi toyera, ndipo kuti chibwerereni sanationepo m'nyumbamo. Musawakalipire. Sindikufunsani kuti tili kuti. Ndingokuuzani kuti ndikubwera patchuthi, ndidzakhala moyang'anana nanu, ndipo chete ndimamutha. Dzanja lanu linalowa kale mu nsapato imodzi. Musalole kuti la mwana wanu lidzalowe mu ina. Tiikeni patebulo, pafupi ndi shuga, pamene aliyense angatione.

Apita. Ndikumva mapazi awo pamasitepe, akutsika bwinobwino, osatsimphina.

Ndine mlongo wanu wouma mutu,
Dokotala wosabaya jekeseni