Mzere wa Galimoto ya Loya

Kambuzuma, Harare
14 Ogasiti 1983

Wokondedwa mng'ono wanga Yosiya,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mlamu Lidiya ndi ana kumeneko ku Ntcheu. Ife kuno tilipo, kungoti mlamu wako Febbie mwendo uja ukumuvutabe kukazizira. Ana akukula, koma Chichewa chikuwathawa. Martina ndikamufunsa kanthu amandiyankha m'Chishona ngati ndine mlendo.

Yatha miyezi isanu ndi itatu chichokere iwe, kalata yako sindinaionepo. Sindikukudandaula ayi. Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndipo ndi chimene ndagwirira cholembera lero.

Nkhani yake ndi ya galimoto yofiira ija, imene loya uja anabwera nayo kuchokera ku Ingalande ufulu utangobwera. Mipando iwiri yokha, yaifupi yosafika ndi m'chiuno momwe, mphuno yosongoka ngati nkhwangwa, magetsi obisala otukuka ukawayatsa. Tsiku limene inalowa m'garaja ya bwana Jaime ku Lochinvar itaphwanyika mbali yakumanzere, ntchito inaima, tonse tinaiunjirira.

Mailosi wopenta uja anati limeneli ndi bokosi la maliro lothamanga. Mnzathu Ali wa mainjini anati ife ndife otsalira, magalimoto onse akubwera adzakhala otero. Iwe unayendetsa chala pa mzere wakuthwa uja wochokera ku getsi mpaka kumbuyo, n'kunena kuti amene anaujambula amaidziwa mphepo. Ine ndinaseka kwambiri kuposa onse. Ndinati galimoto iyenera kukhala ndi mapewa ndi chiuno, koma iyi anaijambula mwana wa sukulu ndi rula.

Zitsulo zake kunalibe kozipeza, kunali kuwongola pamanja basi. Bwana Jaime ntchitoyo anapatsa iwe, ati uli ndi maso a zatsopano. Ine zaka makumi awiri ndi zitatu ndikuwongola magalimoto, ine amene ndinakuphunzitsa kagwiridwe ka hamala, anandidumpha. Ndinakumwetulira, koma mumtima munali moto.

Pofika Lachisanu unali utamaliza, mzere uja utabwerera mwakemwake. Loweruka unapita ku Mabvuku ku maliro a amalume ake a Lidiya, ndipo kiyi wa garaja anali ndi ine.

Yosiya, ndinadziuza kuti ndikungokaona. Nditafika ndinati ndingofewetsa mzere uja pang'ono pachitseko pokha. Dzuwa likamapendeka n'kuti mzere wako wonse nditaufufuta, mbali yonse itasanduka yozungulira monga ndimakondera ine. Kenako ndinaona kuti kumanzere sikukufanana ndi kumanja. Lamlungu sindinapite ku tchalitchi, ndinakamenya mbali yakumanja imene inalibe ndi kachilema komwe.

Za Lolemba ukuzidziwa. Loya analalata mpaka anthu a fakitale yoyandikana nafe anatuluka kudzaonerera. Bwana Jaime anakufunsa chimene chinakulowa m'mutu, n'kukuuza kuti ntchito yako yatha. Iwe unayang'ana galimoto, n'kuyang'ana ine. Dzanja langa umalidziwa, sukanalisowa. Ine ndinangoti zyoli, maso pa nsapato. Sunandiulule, unavula ovolosi, n'kuipinda bwinobwino, n'kutuluka pageti. Ndikudziwa unaganizira ana anga asanu ndi nyumba ino. Ine sindinaganizire ako.

Tsopano imva zachitika. Mwezi wathawu okonda magalimoto anali ndi chionetsero chawo m'tauni, ndipo loya anapita nayo galimoto ija momwemo, poti chitsulo chikatambasuka sichibwerera. Ali anakaonerera, ndiye akuti panali mkangano wadzaoneni. Ena ankati galimotoyo yaonongedwa, wochita zimenezi ngofunika kumulanda hamala. Ena ankati ayi, tsopano ndiye yaoneka ngati galimoto, a kufakitale akadaphunzirapo. Azibambo a matayi anatsala pang'ono kugwirana m'makosi chifukwa cha mbali ya galimoto ya mwini wake.

Sabata yotsatira kunabwera anthu atatu ku garaja, aliyense akufuna kuti yake ikonzedwe chimodzimodzi, ndipo onse ankatchula dzina lako. Bwana Jaime, yemwe uja anakuthamangitsa, anayamba kudzitama kuti mmisiri wake wa ku Malawi palibe wofanana naye mu Harare muno.

Apa ndi pamene pali manyazi anga enieni. Nditamva akukutamanda, pakamwa panga panatseguka pokha kufuna kunena kuti ndine. Tsiku lokalipidwa pakamwa pomwepa panali potseka. Ndinadzigwira, ndinapita kuseri kwa garaja, ndipo ndinalira, mkulu wako wa imvi ine.

Ndinamuuza Febbie zonse. Iye anati ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani sindinakuperekeze kokwerera basi. Anati ndisadye m'nyumba mwake ndisanakanene zoona kuntchito. Lachiwiri ndinaulula pamaso pa onse, Mailosi ndi Ali ali pomwepo. Bwana Jaime ananditukwana m'Chipwitikizi, kenako anati malo ako alipo ukafuna kubwera. Ine sanandichotse, poti akufuna ndimukonzere magalimoto atatu aja. Ndamukanira. Ndamuuza kuti sindifufutanso mzere wa munthu.

Chatsala chinthu chimodzi chimene sindinauze aliyense, ngakhale Febbie. Ndinatola chitseko chakale kuseri kwa garaja, ndipo pa nthawi yopuma masana ndakhala ndikuyesa kumenya mzere wowongoka ngati wako uja. Sabata zitatu tsopano, ukukana. Ukayamba bwino umakhota pakati. Chozungulira chimabisa pamene dzanja lanjenjemera, koma mzere wako subisa kanthu. Galimoto ija sinali yonyansa, Yosiya. Ndinkainyoza chifukwa nditangoiona ndinadziwa kuti sindingaithe, ndipo iwe unaitha.

Sindikukuuza kuti undikhululukire lero. Ukafuna kukhala kumudzi, khala, koma undiyankhe ngakhale mizere iwiri, ingakhale yonditukwana. Ukabwera, chipinda chakumbuyo Febbie wachikonza kale. Chitseko chija ndachiimika pafupi ndi benchi yako, udzandionetse pamene ndikulakwitsa.

Undiperekere moni kwa mlamu Lidiya, umuwerengere kalatayi yonse osadumpha, chifukwa nayenso ndinamulakwira. Moni kwa ana, kwa achemwali a Olinda ndi onse a pamudzi. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mvula yabwino chaka chino.

Ndine mkulu wako wochita manyazi,
Fackson