Mpando Wanga mu Nambala Wani

Peabody, Kansas
Ogasiti

Wokondedwa mwana wanga Darlene,

Uli bwanji kumeneko ku Alaska? Chifuwa chija chinakusiya? Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo limene limandiuza za mvula wailesi isananene. Tirigu anthu akolola bwino chaka chino, ndipo matimati a kuseri kwa nyumba abereka mpaka ndikugawira anthu a kutchalitchi. Sindikudandaula.

Nkhani ndi iyi. Mlongo wako Curtis, mwana wa bambo ako aakulu, wapereka Nambala Wani, ndege yathu yoyamba ija, ku nyumba yosungira zinthu zakale. Akuti akaipachika kudenga ndi zingwe. Idzauluka komaliza Loweruka lachiwiri la Seputembala, tsiku limene makasitomala amabwera ndi ndege zawo kudzadya kadzutsa pabwalo pathu. Lolemba lake adzamasula mapiko.

Iwe unabadwa kampani yathu ya ndege itakhazikika kale. Tinayambira m'khola la nkhuku la agogo ako, ine ndi bambo ako aakulu, malemu a Virgil. Iwo anali a pensulo ndi pakamwa, ine wa moto. Sukulu ndinalekera panjira, koma mapaipi onse a ndege imeneyo ndinawotcherera ndine, ndipo nsalu ya mapiko anasoka ndi malemu mayi ako pa makina awo a madiresi. Injini tinachotsa m'kagalimoto kakale. Anthu ataiona ikuuluka anayamba kufunsa mtengo, ndiye tinayamba kugulitsa zipangizo m'mabokosi kuti munthu akamange yekha m'galaja mwake. Tinkatumiza mchira poyamba, chifukwa a Virgil ankati wolephera mchira asavutike ndi mapiko. Pamenepo ananena zoona. Lero ndege zathu zili mpaka ku New Zealand, ndipo ndikamva imodzi ikudutsa ndimatulukabe panja ndi supuni m'manja.

Mwambo wa omanga ndege ukuudziwa. Ndege ikakhala yatsopano, mwini wake amauluka yekha mpaka maola oyesera atatha. Akatero, woyamba kukwera naye ndi amene anapsa naye zala pomanga. Palibe pamene zinalembedwa, aliyense amangodziwa.

Tsiku limenelo litafika kwa Nambala Wani, ndinavala malaya a kutchalitchi. Mwadzidzidzi kunatulukira mtolankhani wa ku Wichita ndi kamera yake. A Virgil anandikokera pambali, akuti mphwanga, uyu atilemba m'nyuzi, iwe udzakwera mawa, ndege sithawa. Ndinawapukusira pulopela ndi manja angawa kuti injini ilire, iwo n'kunyamuka ndi mlendo. Munthuyo anasanzira pampando wanga. Ukuganiza kuti anatsuka ndani?

Mawa lake anandiitana, ine ndinati ndidzakwera nawo akadzavomera kuti analakwa. Anaseka, akuti ndine bulu. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse pa tsiku la makasitomala ankafuula pamaso pa anthu kuti, "Bulu iwe, mpando ulipo!" Ine ndinkayankha kuti, "Kaitaneni wa nyuzi, achimwene." Anthu ankaseka, ife n'kubwerera kokawotcha masoseji. Usaganize kuti tinkadana. Nkhomaliro tinkadyera pa benchi imodzi mpaka tsitsi linayera. Koma kupepesa sanapepese, ndipo ndege zathu zonse ndaziona kumimba kokha.

Chaka chatha a Virgil ali kuchipatala ndinadikira. Anandigwira dzanja, ine n'kuti lero ndi lero. Anangondifunsa ngati Curtis wasintha oyilo mu Nambala Wani. Anapita choncho.

Sindinawakhululukire, asakunamize munthu. Koma ndakhala ndikulingalira pakhonde pano kuti lumbiro langa linali lokana kukwera ndi iwowo. Curtis anati andikweze, ndinakana, poti ali ndi nkhope ya bambo ake ndi kaseko komwe kaja. Za iwe sindinalumbirepo kanthu.

Ndiye bwera, mwana wanga. Ndikudziwa kuti Seputembala ntchito imakuchulukirani ndi alenje, koma ukawapemphe mabwana ako. Iwe amene umatera ndi ndege pamchenga wa m'mitsinje utanyamula makalata a anthu, kabwalo kaudzu aka sikangakuvute. Ukapanda kubwera, ndidzaionanso kumimba, yolendewera kudenga, nditagula tikiti pakhomo ngati mlendo.

Mwina ukudabwa kuti bwanji ndikulemba mochedwa chonchi, pamene Curtis anatiuza m'mwezi wa Malichi. Nthawi imeneyo ndinamufunsa mozungulira za kulemera kumene ndegeyo inganyamule. Anayang'ana mimba yanga, akuti ndi munthu ngati ine siingadutse mitengo ya kumapeto kwa bwalo. Chichokereni Pasaka sindinalawe mabanzi a sinamoni a mayi ako aakulu a Loretta. Iwo akuganiza kuti ndikudwala ndipo ndikubisa, mpaka Lamlungu lapitali anapempha abusa kuti anditchule m'pemphero. Ndinati ameni pamodzi ndi anthu. Dzulo anyamata atapita kokadya ndinakwera sikelo ya kufakitale imene timayezera mabokosi. Ndakwana.

Ukafika, unene kuti maganizo ndi ako ndipo wandikakamiza. Ndidzakana kawiri pamaso pa anthu, usatope, kachitatu ndidzavomera. Sindikufuna kupita kutali. Tidzazungulire pamene panali khola la nkhuku, kenako tidutse pamwamba pa manda, motsika ndithu, kuti a Virgil amve injini. Adziwe kuti bulu wakwera, ndipo sanamukweze ndi iwo.

Undiperekere moni kwa amuna ako a Russ ndi adzukulu anga. Uwauze kuti agogo awasungira matimati m'mabotolo. Mulungu akusunge m'mwambamo, ndipo usamauluke kukachita chifunga ngakhale akulonjeze chiyani.

Ndine bambo ako,
Orval

Ndinaiwala. Malaya a kutchalitchi aja alipo, mayi ako anawasunga m'sutukesi. Akundikwananso.