Ndinaikhotetsera Kumanzere

Lolemba, 9 Febuluwale

Ndege yanga ili kwa amakaniko, mawa ndiyendetsa yobwereka ija. A Ndevu, kaputeni wathu wamkulu, akhala pambali panga. Geji ya ndegeyo yoonetsa kupendekeka ndi yachilendo. Mu yanga umayenda ndi mzere, kandege kojambulidwa pagejipo kali phee. Umu mzere uli phee, kamayenda ndi kandege. A Ndevu akuti, "Mwaiona bwino, mayi?" Ine ndati zaka khumi si masewera. Pakamwa pangapa.

Lachiwiri, 10 Febuluwale

Sinditha kulemba.

Lachitatu, 11 Febuluwale

Ndilembe, mwina zichoka m'mutu. Titangonyamuka tinalowa m'mitambo. Pawindo mbee, pansi osaoneka. Thupi linkandiuza kuti tawongoka, chonsecho tinali titapendekera kumanzere. Geji ndinaiwerenga ngati ya ndege yanga, ndinaona kumanja, ndiye ndinaikhotetsera kumanzere komweko. Singano yoonetsa kutalika inayamba kutsika mothamanga.

"Siyani, ndaigwira ine," anatero a Ndevu, osakweza mawu. Sindinasiye. Ndinalimbana nawo, mumtima ndikuti nkhalamba yasokonezeka. Anachita kundimenya padzanja.

Titatulukira pansi pa mitambo ndinaona zovala zoyanika kuseri kwa nyumba ya munthu. Malaya ofiira, mpaka zopanira zake. Kumbuyo kwathu kunali anthu asanu ndi anayi, wina ndi khanda.

Lachinayi, 12 Febuluwale

Okwera anangouzidwa kuti inali mphepo. Bwana wa kampani yathu sakudziwa kanthu. A Ndevu andipatsa fomu ya lipoti: "Iyi ndi yanu, mayi. Ine sindikulemberani."

Ndikalemba zoona, andiimitsa kuuluka, mwina mpaka kalekale. Ndikakhala chete, Lolemba ndegeyo aipatsa Kafupi, mnzanga amene tinaphunzira limodzi, ndipo a Ndevu sadzakhalamo.

Chondiopsa n'chakuti mpaka pano thupi langa likulumbira kuti tinali owongoka. Ndidalirenso chiyani?

Lachisanu, 13 Febuluwale

Kafupi ndamupeza m'chipinda chomwera tiyi, nthabwala zake zija: "Achemwali, mwandisiyirako mapiko onse awiri?" Ndatenga kapepala, ndajambula geji ija monga inalili Lachiwiri.

"Tapendekera kuti apa?"

Sanaganize n'komwe. "Kumanja. Mwayamba kundiyesa mayeso?"

Ndamuuza kuti ndi kumanzere. Fomu ndailembera patebulo pomwepo, iye akuwerenga ali chiimire, tiyi osamwanso. Bwana aiwerenga kawiri, kenako afufuta dzina langa pa bolodi la oyendetsa ndege ine ndikuona. Asanaike pansi chofufutiracho, Kafupi anati, "Langanso, bwana."