Galimoto ija usaikhudze

Mwana wanga,

Tandiyankha: n'chiyani chimamwa madzi osakodza, koma chikakwiya chimasuta fodya? Ndi galimoto yakoyi. Chonde usaikhudze.

M'mawa muja amuna ako amandiperekeza kuchipatala. Tili pachitunda, ndinaona kamuvi koonetsa kutentha kakukwera mpaka pofiira, injini ikugogoda ngati mwatsekeredwa munthu. Ndinati, "Bambo, kanthu aka kakupita kuti?" Iwo amvekere, "Azakhali, ine injini ndimaimva ndi khutu, kamuviko n'kabodza." Basi n'kukaphimba ndi chipewa. Fungo lopserera litayamba, ine ndinayamba kusankha nyimbo za pamaliro anga.

Tabwera nayo chokankha. Makiyi ndabisa, pepa. Ndimakudziwa iwe, ukanathamanga nayo kusukulu, n'kukakuyakira pamsewu adzukulu anga ali m'kati. Anawo ndapita kukawatenga ndekha pa minibasi.

Itana makanika, akafika undiimbire ndikuuze pomwe pali makiyi. Umuuze kuti kamuvi kamakwera pachitunda, potsetsereka kamatsikako, ndipo pansi pakudontha madzi obiriwira. Asangoimvetsera itaima pakhomo. Akaikonza ayende nayo mpaka pachitundapo, maso ali pakamuvi.

Amuna akowo usawafunse zambiri, agona kuchipinda akuti mutu. Utsi utangoti fuu, katswiri wathu ndiye anayamba kudumpha, kundisiya nkhalamba nditamangidwa lamba. Amene ananditulutsa ndi amayi ena ogulitsa nthochi, akuseka mpaka misozi. Nsapato imodzi ya amuna akowo ikadali pansi pa chiwongolero, ukawapatse.

Ndine azakhali ako